Mfuti ya Malemu Zefaniya

"Kiyi ali kuti?"

Aka kanali kachitatu Trymore akufunsa, ndipo ulendo uno sanayang'ane amayi ake kapena bambo ake aang'ono. Anayang'ana mlongo wake wamkulu, Sabina, amene anakhala pamphasa miyendo tambalale ngati nkhaniyo sikumukhudza. Kiyiyo anali pachifuwa pa Sabina, pachingwe, m'kati mwa bulauzi, ndipo anali atafunda ndi thukuta lake.

Panali patapita masiku awiri chiwaikireni m'manda bambo awo, a Zefaniya. Katundu wa malemu anali atayalidwa kuseri kwa nyumba yawo ku Ingezi, pansi pa mtengo wa mango: majekete awiri, yunifolomu ya ulonda wa kumgodi imene inasiya kuwakwana kalekale, njinga, Baibulo lopanda chikuto, ndi chitini cha mabisiketi chosungiramo zosokera nsapato. A Jobu, mng'ono wa malemu, anali atawaza zonsezo madzi a masamba kuti azigawe kwa abale. Mwambowu zidzukulu za anthu a ku Nyasalande amene anabwera kudzagwira ntchito m'dziko lino zinautola kwa eni dziko, n'kuusakaniza ndi wa makolo awo, moti palibe amene ankadziwanso pothera wa uyu ndi poyambira wa uyo. Chinthu chimodzi chokha sichinali pamphasapo. Mfuti ya malemu inali m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma la kuchipinda, ndipo bokosilo linali lokiya.

"Mwina anatayika tsiku lija," anatero Sabina.

"Tsiku lija amene munakatenga zinthu zawo ku nyumba yachisoni ndinu, sisi. Baba kiyi ameneyu sankamuvula ngakhale posamba."

"Ndiye ukawafunse eni ake."

Tsiku lija linali Lachinayi. A Zefaniya, amene chipumireni pantchito ankasoka nsapato pakhonde, anakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Muzvezve kukapereka jombo zimene anasokera makorokoza, anyamata okumba golide aja. Anawapeza ali pamzere pachigayo cha miyala. Pomwepo wogula golide wina, dzina lake Morrison, anakangana ndi mnyamata wina pa za sikelo. Mawu anakula, wina anagwira chikwanje, Morrison anasolola pisitoli. Sanaombere wachikwanje yekhayo ayi. Anaombera mzere wonse mpaka zipolopolo zinamuthera. Anthu asanu anafera pomwepo, ndipo wachisanuyo, a Zefaniya, anagwa atakumbatira thumba la jombo za eni ake.

Morrison anali m'manja mwa apolisi, koma azichimwene ake awiri anali akugulabe golide pamalo omwewo, pasikelo yomweyo. Trymore nayenso ankakumba ku Muzvezve komweko, ndipo masiku onse a maliro ankangotafuna mayina a anthu awiriwo. Sabina ankadziwa kuti mfuti ikangotuluka m'bokosi, madzulo ake ikwera kombi. Anali ataika bambo ake, ndipo sankafuna kuti mwezi usanathe aikenso mlongo wake, kapena ayambe kumuyendera kundende ndi kakontena ka sadza, nsima ya kuno.

"Tiyeni tiyambe ndi zimene zili pano," anatero a Jobu, munthu amene moyo wake wonse anakonza makina kufakitale ya nsalu ku Chegutu ndipo ankakhulupirira kuti chilichonse chimamasuka ukachiyamba ndi kumapeto koyenera. Anapereka jekete lina kwa msuweni, njinga kwa mdzukulu, Baibulo kwa mayi amasiye, a Rabeka. Kenako ananyamula chitini cha mabisiketi ndi manja awiri n'kuchiika kutsogolo kwa Trymore.

"Izi ndizo zinali zida za mkulu wanga. Landira, mwana wamwamuna."

Trymore anachikankha ndi nsonga ya jombo yake. Chitini chinagubuduka, zam'kati zinamwazika: phula, ulusi wa nayiloni, zidutswa za matayala, ndi kachitsulo kobowolera kokhala ndi chigwiriro cha mtengo chimene chinada ndi manja.

"Handina basa nazvo, ndilibe nazo ntchito. Ine ndine wosoka nsapato? Zida zanga zili m'bokosi. Baba anandiuza okha, osati kamodzi: mfuti ndi yako ndikadzafa, usavutike kugula ina. Ndadikira zaka khumi ndi chimodzi."

"Wadikira kuti afe," anatero Sabina, akutola zinthuzo chimodzichimodzi. "Wapeza tsopano. Usangalale."

Azimayi awiri a ku tchalitchi amene ankatsuka mbale anasiya kugobedeza kuti amve bwino. Maliro opanda mkangano anthu a ku Ingezi amati sanakome, koma uwu unali wopitirira muyezo, ndipo a Jobu anawatuma kukabweza mabenchi.

"Mwanawe," anatero a Jobu kwa Trymore, "lamulo likuti mwini mfuti akamwalira, mfutiyo ikasungidwe kupolisi mpaka wolowa apeze chiphaso chake. Si ine ndinalemba."

"Lamulo?" anatero Trymore kwa bambo ake aang'onowo. "Babamunini, lamulo linali kuti Lachinayi? Apolisi anafika anthu atazizira kale. Pamzere paja pakanakhala munthu mmodzi yekha wa mfuti, Morrison akanaombera kamodzi basi. Baba bwenzi ali pakhonde apa. Anthu abwino mumawalanda mfuti, zigawenga zimatsala nazo zawo. Ndiye timafa ngati nkhuku."

"Morrison anali chigawenga?" anafunsa Sabina. "Anali ndi chiphaso, chidindo ndi chithunzi chake pomwepo. Ankaimba kwaya. Pogula pisitoli ija ananena mawu omwewa ukunena iwewa, akuti yodzitetezera kwa azikwanje. Munthu wabwino wa mfuti amene ukumufunayo analipo pamzere paja, Trymore. Ndi amene anawapha."

"Inu mumasoka mayunifolomu a sukulu ku Chegutu. Simudziwa za kumigodi."

"Ndikudziwa malaya a bambo amene ndinachapa. Bowo lolowera ngati batani, lotulukira ngati chikhatho changa ichi. Pakanakhala mfuti ziwiri, bwenzi tikuwerenga maliro khumi, ndipo amene anatsala ndi moyo chifukwa chogona pansi bwenzi ali pakati pa moto wa uku ndi uku."

Mkanganowu sunali wachilendo. Sabata yonse unali pawailesi ndi m'mafoni, ena akuti boma litolere mfuti zonse za ogula golide, ena akuti aliyense wa mgodi apatsidwe yake, ndipo panali ngakhale wina wa ku Turf amene anaimba foni kufotokoza za ku Amerika ngati anabadwirako. Koma a pawailesi akatha kukangana amapita kwawo kukadya. Awa anali kwawo kale, ndipo mfuti inali kuseri kwa khoma limene anatsamira.

Trymore anaimirira. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma akapsa mtima chinkamuthawa pakamwa.

"Ndipe kiyi, Sabina."

Ulemu wa "sisi" unathera pomwepo. Sabina anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana, chifukwa mwana ameneyu anamubereka kumbuyo iye, amayi ali kumunda wa thonje.

"Ndilibe."

"Zvakanaka, chabwino. Kwa a Filimoni kuli makina odulira zitsulo."

Anatuluka pageti akukoka mwendo wakumanzere, chifukwa jombo yake inali itayasama kutsogolo ngati kamwa ya mlamba.

Sabina analowa m'nyumba. Amayi ake anali atabwerera kuchipinda, atakhala pansi pamkeka m'zovala zawo zakuda, Baibulo lili pamiyendo osalitsekula. Bokosi la mfuti linali pamwamba pa mutu wawo.

"Amayi, mwangoti chete? Mwana wanu akukatenga makina."

"Ndamva."

"Muletseni. Inu akhoza kukumverani."

"Anayamba wandimvera liti? Mupatse kiyi, Sabina. Ndikumuona akutukumula bulauzi yako."

Sabina anagwira pachifuwa. Mkwiyo umene anausunga masiku onse a maliro unakwera, ndipo anazindikira kuti sunali wa Trymore yekha. Anakwiyira bambo ake. Munthu wofatsa uja, mkulu wa mpingo, anasungiranji chinthu chimenechi? Anaigula kale kuti aziophera nguluwe zimene zinkatha chimanga kumunda, koma mundawo unakumbidwa maenje ndi makorokoza zaka zambiri zapitazo, nguluwe zinathawa. Iwo osaigulitsa, osakaipereka kupolisi. Loweruka lililonse ankaitulutsa, kuipukuta ndi mafuta a makina osokera, kuiyang'ana ngati mwana wakhanda, n'kuibwezera. Trymore akabwera, ankamuonetsa dala, n'kumati, "Yako iyi, dikira." Kodi uku sikunali kuweta njoka m'nyumba?

"Bambo analakwa," anatero mokweza. "Ndinene ngakhale dothi lawo lisanaume. Anamulera ndi njala ya mfuti. Mukukumbuka tsiku lija anabwera magazi ali chuchuchu, atamutema paphewa? Analira apa, akuti ndipatseni ndikawamalize. Bambo m'malo momuuza kuti iwala za mfuti, anamulonjeza."

"Ndikukumbuka bwino kuposa iwe. Amene ndinakolopa magaziwo ndine."

"Ndiye mukuti ndimupatse?"

A Rabeka anamuyang'ana ndi maso ouma, a munthu amene walira mpaka misozi yatha.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja."

"Amayi, iyi si nyanga ya nsatsi. Imapha anthu."

"Ndakuuza."

Sabina anatuluka ali ndi mawu oipa kukhosi, ndipo anawameza chifukwa cha zovala zakuda zija. Anaganiza zothawa ndi kiyi, kukwera kombi ya ku Chegutu, kukamuponya mumtsinje panjira. Koma bokosi likanatsala, ndipo makina sadziwa kiyi. Anaganiza zoimbira apolisi. Ndiye adzatchedwa mkazi amene anamangitsa mlongo wake pamaliro a bambo ake, ndipo dzina lotere ku Ingezi limakutsata mpaka kwa adzukulu. Anagwira njakata, ataima pakati pa bwalo foni ili m'manja.

Trymore anabwerera makina ali paphewa, chingwe cha magetsi chikukhwekhwereka pambuyo. Magetsi, amene sabata yonse ankangozima, tsiku limenelo anasankha kuyaka. Analowa kuchipinda osagogoda, ndipo posakhalitsa nyumba yonse inalira. Nthethe za moto zinkagwera pamkeka, pafupi ndi nsalu ya amayi ake, koma a Rabeka sanasunthe.

Sabina anadula chingwe cha m'khosi ndi dzanja limodzi. Anaima pakhomo la chipinda n'kuponya kiyi. Kiyiyo anamenya Trymore pachifuwa n'kugwera pansi.

"Tenga. Ukafa sindidzabwera. Ndalira kokwanira mwezi uno."

Makina anazima. Trymore anatola kiyi osamuyang'ana mlongo wake. Anatulutsa mfuti yaitali, yachikalekale, mtengo wake ukunyezimira ndi mafuta a Maloweruka onse aja, pamodzi ndi kabokosi ka zipolopolo. Anaifungatira n'kutuluka nayo pabwalo, ndipo Sabina anaona pankhope pake chimwemwe chimene chinamunyansa.

"Dikira," anatero a Jobu. Anali ataona kuti za lamulo zakanika, ndiye anagwira za makolo, mwina kuti apeze kanthawi. "Chida cha malemu sichichoka pakhomo chisanawazidwe. Ndipo agogo ako ankati mfuti ya mlenje imalira kamodzi pabwalo pake, kutsanzika mwini wake, isanalowe m'manja ena. Koma poti tili m'tauni, tingowaza madzi basi."

"Ilira," anatero Trymore. "Amve onse a ku Ingezi. Uthenga ukafike ku Muzvezve ine ndisanafike."

"Mwanawe, kuno kuli ana."

Trymore anali atalowetsa kale chipolopolo. Analoza kumwamba, pakati pa nthambi za mango. Sabina anatseka makutu, a Jobu anawerama. Chala chinakoka.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

Trymore anayang'ana mfuti. Anatulutsa chipolopolo, analowetsa china, anakoka. Chimodzimodzi. Chachitatu, chachinayi. Nkhuku imene inkapalasa pansi pa mtengo sinadzutse n'komwe mutu.

"Zipolopolo zakale izi. Zinanyowa."

A Jobu anatola chimodzi pansi, anavala magalasi, n'kuchitembenuza.

"Sizinanyowe. Taona kumbuyo kwake, kulibe ngakhale kachipsera. Palibe chimene chachigogoda. Bwera nayo kuno."

Anakhala pampando, mfuti pamiyendo, n'kusolola chitsulo chimene chimakankha chipolopolo. Zala zawo zakufakitale zinachimasula mosavuta. Anachiyang'anitsitsa padzuwa kwa nthawi, kenako anaseka kaphwete kosakondwa.

"Muno mumakhala msomali wautali umene umagogoda chipolopolo kuti chiphulike. Wadulidwa. Ndi sowo ya zitsulo, ndipo si dzulo ayi, podulidwapo pachita kuda."

Trymore anatembenukira kwa Sabina maso ali psuu.

"Ndiwe. Unali ndi kiyi masiku onsewa."

"Wamva kuti si dzulo," anatero mawu kumbuyo kwawo. A Rabeka anali ataima pakhomo, atagwira felemu. "Siya mlongo wako. Anadula ndi bambo ako, tsiku lomwe unabwera atakutema lija. Iwe uli kuchipatala akukusoka paphewa, iwo anali pakhonde apa ndi sowo. Amene ndinagwirizira chitsulocho ndine."

Trymore anatembenukira kwa amayi ake, ndipo iwo anapitiriza.

"Ndinawauza kuti kaiperekeni kupolisi, ithe nkhani. Iwo anati, ndikaipereka, mawa lomwe mwanayu akagula ina kwa anzake a kumigodi, ndipo imeneyo idzalira. Koma akadziwa kuti yake ilipo, ikumudikira kunyumba kwa bambo ake, sagula. Nchifukwa chake ankaipukuta iwe ukuona."

"Zaka khumi ndi chimodzi," anatero Trymore pang'onopang'ono. "Anandipusitsa zaka khumi ndi chimodzi. Anzanga onse anagula zawo, ine ndikuti ndili nayo kwa baba."

"Anzako aja ali kuti?" anafunsa a Rabeka. "Tafara ali kumanda. Mwana wa a Filimoni ali kundende. Iwe uli pano ukunditukwanira mwamuna wanga, ndi ana ako atatu kunyumba."

"Nanga iwo ali kuti? Nzeru zawozo zinawapulumutsa? Akanakhala nayo yolira Lachinayi..."

"Sakanainyamula. Ukuwadziwa."

Trymore anakankha mpando wina ndi mwendo. Sabina sanathe kudziwa ngati unali mkwiyo kapena kulira kumene kunamukanika kumanda.

"Mari ndili nayo, ndalama si vuto. Ku Muzvezve mfuti sizisowa. Ndikwera kombi ya folo, mawa ndidzakhala nayo yanga, yolira."

A Jobu ankayang'anabe chitsulo chodulidwacho, akuyeza ndi chala kutalika kwa mbali imene inasowa.

"Alamu," anafunsa, "nanga chidutswacho anachitaya kuti?"

"Mkulu wanu anayamba watayapo chitsulo?" A Rabeka analoza ndi chibwano chitini chimene chinali pamphasa. "Anati chitsulo cha mfuti n'cholimba, sichipindika. Anachinola sabata yathunthu."

Sabina anatsekula chitini. Anatulutsa kachitsulo kobowolera kaja, kamene Trymore anakagubuduza ndi phazi, n'kukapereka kwa a Jobu. Iwo anakagundanitsa ndi podulidwa paja. Kunenepa kwake kunali kumodzi.

Sabina anamva manyazi chifukwa cha mawu amene ananena kuchipinda, ndipo pamodzi ndi manyaziwo panabwera chikumbumtima china. Kangati Trymore anafika pakhomo pano akuwira, wina wamulanda dzenje la golide, wina wamutukwana, akuti lero lokha ndipatseni? Bambo sankatsutsana naye. Ankangoyang'ana kumapazi kwake n'kunena kuti, "Tavula jombo iyo, yang'ambika." Ndipo jombo imene ya munthu wina ankaisoka pa ola limodzi, ya Trymore inkawatengera tsiku lonse. Ankapaka phula, kumasula, kuyambiranso, mwana atakhala pasitepe ndi phazi limodzi lopanda kanthu, mpaka kombi yomaliza itapita ndi mkwiyo womwe. Onse pakhomo ankawaseka kuti ukalamba wawagwira manja.

Trymore anali atafika pageti, akukoka mwendo wakumanzere uja.

"Iwe," anaitana Sabina. Mawu ake sanali okoma, ndipo sanayese kuwakometsa. "Ukupita ku Muzvezve ndi jombo yoyasama choncho? Tavula."

Trymore anaima, dzanja lili pageti. Anayang'ana phazi lake. Kuzungulira jombo yonseyo kunali mizere ya ulusi wa nayiloni, wina woyera, wina wakuda ndi matope, misoko ing'onoing'ono yothinana ya zaka zosiyanasiyana. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Simutha inu," anatero potsiriza. "Mumasoka nsalu."

"Ndiye zitenga nthawi."

Sanabwerere msanga. Koma anabwerera, nkhope ili gwa, osayang'ana munthu, n'kukhala pasitepe pamalo ake akale. Anavula jombo n'kuiponya pansi, osati m'manja mwa mlongo wake. Kumbuyo kwawo a Jobu anali akukulunga mfuti m'thumba la feteleza, akufunsa a Rabeka kumene malemu ankasunga chiphaso.

Sabina anatola jomboyo n'kuipana ndi mawondo monga ankachitira bambo ake. Anadula ulusi wautali kuposa umene unkafunika, anaupaka phula kawiri, n'kuupakanso kachitatu. Chigwiriro cha mtengo chinali ndi kadzenje pamene chala chachikulu cha malemu chinkakhala, ndipo chake chinalowa momwemo. Kumsewu waukulu kondakitala anali akuitanira anthu a ku Muzvezve. Sabina anabowola bowo loyamba, anaona kuti lakhota pang'ono, ndipo anayambiranso.